Mkamwini Amene Anaphwetsa Nyakatope

Ku Chimwala, kamudzi kamene kali kuseri kwa mapiri ukachoka ku Chipera, m'dziko la Mozambique, kulibe munthu amene amamuseka Nazário Sakala kuposa mmene amadzisekera iye mwini. Ndi bambo wamfupi wa mapewa otambalala, ndipo chala chake chachikulu cha kumanja chilibe chikhadabo, chinatsalira pa njerwa yamoto kalekale. Anthu amamuitana kuti Mesitiri, dzina limene kuno amapatsa mmisiri wodziwa ntchito yake. Kale akamva dzinalo ankatukula chifuwa. Masiku ano amangoyankha kuti, "Ndi ine ndithu, mwabwera kudzaonongetsa chiyani?"

Kwawo kwenikweni ndi cha ku Malowera. Ku Chimwala anabwera kudzakwatira Bibiana, ndipo monga mwa mwambo anamanga pa malo a apongozi ake n'kumalima munda umene anamulozera. Anali mkamwini wamba, wosadziwika ndi kanthu kupatula kudya mofulumira. Nkhondo itafika m'derali mu 1987, iye ndi mkazi wake, ana awo aakazi awiri, Lúcia ndi Deolinda, pamodzi ndi amayi ake a Bibiana, anayenda masiku anayi m'tchire mpaka kuoloka malire a Zambia. Anakakhala ku Ukwimi, kumene othawa nkhondo ankapatsidwa malo olima. Kumeneko bungwe lina linkamanga sukulu, ndipo Nazário analembedwa ntchito yoponda matope. Anaponda miyezi isanu, kenako anamuphunzitsa kuumba njerwa, kuzisanja mu uvuni ndi kuziotcha mpaka zifiire. Pomaliza anamupatsa pepala la chidindo ndi chikombole cha thabwa la mlombwa choumba njerwa ziwiri nthawi imodzi.

Pobwerera mu 1994, pa kamiyawu, lole imene inawatula ku Chipera, anthu ananyamula mbewu, makasu, mapoto ndi nkhuku. Nazário anafungatira chikombole chake pamiyendo ulendo wonse ngati khanda, thumba la mbewu n'kumusiyira Bibiana.

Mudzi sanaupeze. Anapeza nkhalango. Pabwalo pamene ana ankasewera panali mitengo ya mtondo yonenepa ngati ntchafu ya munthu, ndipo pamene panali nyumba yawo anapazindikira ndi mafuwa komanso mtengo wa mango. Chimene sichinasinthe anali Nyakatope yekha, kasupe wa mudziwo. Madzi ankatuluka pansi pa thanthwe, m'kachigwa kodzaza ndi mitengo ikuluikulu ya katope, mikuyu ndi mwimbi. M'menemo munali mthunzi wandiweyani, ndipo ngakhale masana a mwezi wa Otubulo ukamwa madziwo mano ankachita dzanzi. Apongozi ake anagwada, n'kumwa ndi manja.

Anapezanso Joaquim, mlongo wake wa Bibiana. Iyeyu sanathawe. Zaka zonsezo ankakhala m'mapanga ndi timbuzi take, n'kumatsikira ku Nyakatope m'bandakucha kudzatunga madzi. Anali ataonda ngati bango, koma pakamwa pake panali posaonda. Atakumbatirana ndi mlongo wake, anamuyang'ana Nazário kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mlamu, mwanenepa. Kuthawa kumakoma eti?"

"Kukanakhala kowawa tikanabwerera msanga," anatero Nazário, ndipo anaseka onse awiri mpaka misozi, ina ya chiseko ina ya zina.

Chaka choyamba anthu anamanga misasa ya mitengo ndi udzu, n'kugwira nkhwangwa kutsegula minda. Nazário naye analima, koma mtima wake unali pa chikombole. Tsiku lina akutsuka khasu kumunsi kwa kasupe anafinya dothi m'manja, n'kuona kuti ndi lamakande losakanikirana ndi mchenga pang'ono, lenileni lija ankalisaka ku Ukwimi osalipeza. Anakweza maso n'kuona mitengo. Uvuni sufuna timitengo tanthete, timangolilima n'kutha. Umafuna zipika zonenepa zimene zimanyeka masiku atatu. Anathamangira kunyumba khasu atalisiya m'madzi.

"Amake Lúcia, Mulungu watikonda. Dothi, madzi ndi nkhuni waziika malo amodzi. Ngakhale ngolo siifunika."

"Ndiye mufuna mudule ya kukasupe?" anafunsa Bibiana.

"Iwiri yokha. Ina yonse itsala."

Iwiriyo inaotcha njerwa za nyumba ya apongozi, nyumba yoyamba ya njerwa zootcha ku Chimwala chikhalire mudziwo. Anthu ankachokera midzi ina kudzaigogoda ndi chala. Mkamwini amene kale ankatumidwa kukasaka mbuzi zosochera tsopano ankapatsidwa mpando. Nazário amanena yekha kuti tsiku limene apongozi ake anamutcha "bambo" pamaso pa anthu, akanamuuza kuti agwetse phiri, iye akanangofunsa kuti nkhwangwa ili kuti.

Akunola nkhwangwa kuti akadule wachitatu, Joaquim anabwera n'kukhala pa chitsa.

"Mlamu, mitengo iyi yandibisa ine kwa asilikali zaka zisanu ndi ziwiri. Inu mwabwera dzulodzuloli mutakhuta nyemba za azungu."

"Nkhondo inatha, mlamu. Mubisalanso kwa ndani?"

"Kwa dzuwa."

"Mudzabisala m'nyumba ya njerwa. Ndikumangirani."

Joaquim anakana nyumbayo. Anangoti mbali ya kachigwako ya kum'mawa, imene inali moyang'anana ndi munda wake, ayisiye. Nazário anavomera ndi pakamwa, koma patapita zaka ziwiri, Joaquim atapita kumaliro ku Fíngoè, anadulako inayi. Mlamu wake anakhala mwezi wathunthu osamuyankhula.

Zaka zimenezo dziko lonse linali kumanga. Akhristu anafuna kapela, chifukwa ankapemphera pansi pa mtengo. Kenako panabwera sukulu ya zipinda ziwiri, nyumba ya profesoro wophunzitsa pasukulupo, kachipatala ka ku poshto kumene kuli maofesi a boma, ndi makantina atatu ogulitsiramo zinthu a m'mbali mwa msewu. Nazário sankagona masana. Anaphunzitsa anyamata asanu ndi mmodzi, nawo n'kusema zikombole zawo, moti m'chilimwe utsi wa mauvuni unkaoneka munthu ali ku Chipera. Kumtunda kwa kasupe anthu obwerera mochedwa anatsegula minda mpaka pamutu pa phiri, ndipo chaka chilichonse moto wa osaka mbewa unkadutsa n'kunyambita zotsala. Sikuti anali Nazário yekha ayi. Koma mitengo ikuluikulu ija, imene anthu atatu ankalephera kuizungulira atagwirana manja, inagwa ndi nkhwangwa yake. Anthu ankati palibe wina wodziwa kugwetsa mtengo molunjika ngati iye, ndipo zinali zoona.

Madzi sanathe tsiku limodzi. Poyamba anasiya kuzizira. Kenako amayi anayamba kudikirana, wina kutunga ndi chikho wina atakhala pa ndowa. Mvula ikagwa, madzi ankatsika phiri ali ofiira, n'kukumba chigwembe pamene panali njira, n'kupita osalowa pansi. Mu 2002 mvula inabwera mochedwa n'kudula msanga, ndipo pofika mwezi wa Setembulo pansi pa thanthwe panali matope okha. Amayi a ku Chimwala anayamba kupita ku mtsinje wina wa mchenga, ulendo wa maola awiri kupita kokha. Ntchito ya njerwa inaimanso, chifukwa dothi silipondeka louma. Apongozi ake anamwalira chaka chimenecho, m'nyumba yawo yokongola, akumwa madzi onunkha mchenga. Sanamunene mkamwini wawo ngakhale kamodzi.

Nazário sanadziuze kuti ndi iye. Ankati ndi chilala, ndipo chilala chinalipodi.

Chaka chotsatira ku Fíngoè kunachitika seminariyo, msonkhano wa maphunziro wa masiku awiri, ndipo mudzi uliwonse unatumiza munthu wolemekezeka. Ku Chimwala anatuma Mesitiri. Wophunzitsa anali Dona Yolanda, mlangizi wa zaulimi, mayi wa mawu aakulu amene ankayamba chiganizo m'Chipwitikizi n'kuchimaliza m'Chinyanja. Anajambula dziko pa bolodi n'kulizunguliza mzere wina.

"Uwu ndi mpweya umene wakuta dziko, atimosifera," anatero. "Uli ngati gombeza. Kukanakhala kopanda gombezali tikanafa ndi chisanu. Koma utsi wa mafakitale ndi magalimoto, makamaka a maiko olemera, ukulinenepetsa gombezalo. Kutentha kukulowa koma kukuvutika kutuluka. N'chifukwa chake nyengo yayamba kusokonekera, mvula ikubwera pa nthawi imene siinapangane ndi munthu."

Nazário anamva ngati amutula mtolo wa zipika. Anafunsa mafunso awiri, n'kupempha kuti amulembere mawu aja papepala. Masana anadya mpunga ndi nyama ya mbuzi. Atabwerera m'chipinda, Dona Yolanda anayamba nkhani ya mitengo ya m'mbali mwa mitsinje ndi akasupe, mmene mizu imagwirira dothi kuti madzi alowe pansi. Nazário akafika pamenepa amati, "Gawo loyamba ndinalimva ndi makutu onse awiri. Gawo lachiwiri ndinali nditakhuta."

Lamlungu mapemphero atatha anaimirira kutsogolo kwa kapela n'kuwafotokozera anthu. Anajambula dziko pansi ndi ndodo. Anatchula atimosifera kasanu. Anati Nyakatope waphwa chifukwa cha utsi wa azungu, amene ali ndi magalimoto atatu munthu mmodzi. Anthu anagwedeza mitu, ena anadandaula kuti azungu si anthu abwino. Nazário anabwerera kunyumba akuyenda ngati wapambana mlandu.

Anapeza Bibiana atangotula ndowa, akudzisisita khosi.

"Bambo a Lúcia, ndifunse nawo. Azungu aja anabwera tsiku liti ndi nkhwangwa ku Nyakatope? Ine ndiyenera kuti ndinali kumunda."

"Izi ndi za ophunzira, amake Lúcia."

"Ndamva. Ophunzirawo mukawauze kuti mumtsuko mulibe madzi."

Nazário anapitiriza kulalikira za gombeza miyezi ingapo, ngakhale kuti panyumba ankatsitsa mawu.

Lúcia anali atakwatiwa, ndipo mwana wake woyamba, Paulino, anayenera kubatizidwa. Padiri, wansembe wa derali, ankabwera pa mota, njinga yamoto ija, kuchokera ku Fíngoè kawiri kokha pachaka, choncho tsikulo silinali losuntha. Loweruka, Bibiana akuchokera kumtsinje ndowa ili pamutu, anaterereka m'chigwembe n'kubinya bondo. Anabwera naye atamunyamula. Deolinda anali kusukulu ku Fíngoè, Lúcia anali ndi khanda ndi zophika za alendo, ndipo mayi aliyense m'mudzimo anali ndi mtsuko wake womwe unkamudikira. Lamlungu m'mamawa Nazário anamangirira zigubu ziwiri pa njinga n'kunyamuka, chipewa atachitsitsa kumaso.

Njira inkadutsa ku Nyakatope. Anali asanatsikeko chiimireni ntchito. Anaima. Panali poyera, dzuwa likuwomba thanthwe, gulo ali pamwamba pake akugwedeza mutu. Chimene chinamuvuta n'chakuti zitsa zonse ankazidziwa. Ichi chinali khoma la kapela la kum'mawa. Icho chinali nyumba ya profesoro. Mkuyu waukulu uja, umene apongozi ake ankayedzamira akamadikira kutunga, unapita ku kantina imene inali itatsekedwa kale, mwini wake atathawira ku migodi ya golide. Anayesa kuganiza za magalimoto a azungu, koma m'manja mwake ankamva mmene nkhwangwa inkadumphira pa chitsa chilichonse.

Kumtsinje anapeza amayi khumi ndi awiri atakumba maenje mumchenga. Anasiya kucheza. Kenako mmodzi, mkazi wa katekisita, anamupatsa moni mwaulemu wonse.

"Mwadzuka bwanji Mesitiri? Mwabwera kudzayendera atimosifera?"

Anaseka mpaka wina anataya chikho. Nazário anaseka nawo, chifukwa kunalibe kolowera. Anakumba dzenje lake mwamphamvu ngati wokumba maziko, m'mbali n'kumagumukira mkati. Amayiwo anachita kumuphunzitsa: kukumba pang'onopang'ono, kudikira madzi adzikundike, kutunga pamwamba osavundula. Iye anavundula. Kudzaza zigubu ziwiri kunamutengera nthawi imene kale ankaumba njerwa mazana atatu. Pobwerera, pa chitunda, njinga inagwa ndipo chigubu chimodzi chinang'ambika. Anaona madziwo akulowa m'fumbi, n'kukhala pansi pang'ono. Ulendo umenewu mkazi wake anali atauyenda tsiku lililonse kwa chaka ndi miyezi.

Anafika kukapela anthu atatopa ndi kuimba, padiri akuyang'ana wotchi. Panalibe nthawi yoti madzi adikhe. Anawathira m'mbale ali ngati tiyi wamkaka. Padiri anawayang'ana, anamuyang'ana Nazário, n'kuwadalitsa choncho. Atamuthira Paulino, pamphumi pa mwanayo panatsala mzere wofiirira. Joaquim anaweramira kukhutu kwa mlamu wake.

"Musadandaule mlamu. Mwana wa mmisiri wabatizidwa ndi dothi."

Kuyambira tsiku limenelo Nazário anasiya ulaliki wa azungu. Akafunsidwa ankati, "Ine ndine uja anamanga kapela n'kuumitsa madzi a ubatizo." Miyezi itatu yonse imene bondo la Bibiana linali kuchira, madzi ankatunga ndi iye, ndipo amayi a kumtsinje anafika pomusungira malo.

Munthu wina akanaima pamenepo n'kufunsa nzeru. Nazário anali Mesitiri. Anaganiza kuti zimene anaononga yekha akonza yekha, ndiponso mofulumira. Anapalasa njinga mpaka ku Fíngoè kukapempha mbande kwa Dona Yolanda. Pa nazale panali ya kalipito yokha, mitengo ija ku Zambia ankaitcha bulugamu. Ankaidziwa bwino, imakula munthu ukuona.

"Mukaibzale pamtunda, kumene kuli miyala," anatero Dona Yolanda. "Kufupi ndi madzi ayi."

"Ndamva, Dona."

Ali panjinga anayamba kulingalira. Kumene mitengo inachoka ndi kukasupe. Kubzala kumtunda kuli ngati kumanga bala kumwendo pamene walasidwa pamkono. Mayiyu ndi wa mabuku, sanagwirepo nkhwangwa. Pofika ku Chimwala anali atamugonjetsa Dona Yolanda pa mfundo zonse. Anabzala mbande zonse mozungulira thanthwe, mizere yoongoka ngati njerwa, n'kumazithirira ndi madzi a panjinga. Anazitchingira ndi minga kuopa mbuzi. Palibe mtengo ku Chimwala umene unasamalidwapo chotero.

Inakuladi. Patatha zaka zinayi inali yaitali kuposa kapela. Koma matope aja, amene ankatsala pansi pa thanthwe ngakhale m'chilimwe, pamene njuchi ndi mbalame zinkamwa, anauma gwa mpaka kung'aluka. Ngakhale m'dzinja madzi ankangotuluka milungu yochepa. Nazário anatumiza uthenga kuti Dona Yolanda abwere adzaone ntchito yake, akuyembekeza kuti amuuza kuti apirire pang'ono. Mayiyo anafika pa mota, anavula chisoti, n'kuyang'ana m'mwamba nthawi yaitali.

"Mesitiri, ndinati mubzale kuti?"

"Pamtunda, Dona."

"Pano ndi pamtunda?"

"Poyerekeza ndi kumtsinje, ndi pamtunda."

Dona Yolanda anayesetsa kuti asaseke, koma zinakanika. "Mitengo iyi imamwa madzi usana ndi usiku. Mwatenga zidakwa n'kuziika kuti zilondere mowa."

Choncho Nazário ananolanso nkhwangwa n'kudula mitengo ya ku Nyakatope kachiwiri. Iye amati m'dziko lonse la Mozambique sakudziwa munthu wina amene anaononga kasupe mmodzi kawiri, koyamba podula mitengo, kachiwiri poibzala. Milimo yake inakakhala denga la chipinda chachitatu cha sukulu, ndipo zitsa zake zinamuvutitsa zaka ziwiri, zikuphukira iye akusadza.

Tsiku lija anabwera kudzaona mitengoyo, asanakwere mota, Dona Yolanda analoza kutsidya kwa kachigwako. "Uko kuli kwa ndani?"

Kunali kwa Joaquim. Mbali imeneyo inali yobiriwira. Zitsa zinayi zimene Nazário anadula mwakuba zinali zitaphuka nthambi zonenepa ngati mkono, ndipo pakati pake panamera tina tambiri tokha. Anamuitana Joaquim n'kumufunsa kuti anabzala chiyani.

"Sindinabzale kanthu."

"Nanga munatani?"

"Ndili ndi ming'oma ya njuchi m'menemo. Mwezi wa Junyo ndimalambula kuti moto usalowe, ndipo mbuzi ndimazikusira kwina. Ine ndimafuna uchi, Dona. Za gombeza amazidziwa ndi alamu angawa."

Nazário anayang'ana tchirelo. Iye anali atapalasa njinga, kuthirira, kudzuka m'mamawa zaka zinayi. Mlamu wake anangoletsa moto n'kukagona.

Nazário anayamba kuchita za Joaquim. Zitsa zakale zambiri za mbali yake zinali zamoyo, kungoti chaka chilichonse moto unkapsereza mphukira. Analambula mozungulira kachigwa konse. Pa chitsa chilichonse ankasiya mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu n'kudula zina. Anazika nthambi za mkuyu m'chigwembe, zina zinagwira zina zinauma. Mbande za katope anakazula kumtsinje wina kutali, n'kubwera nazo m'chigubu chong'ambika. M'chigwembemo anayala miyala mopingasa kuti madzi azipumira. Ntchito imeneyi inalibe wobwera kudzaigogoda ndi chala. Inalinso yochedwa, ndipo Nazário kuchedwa sanakuzolowere.

Chovuta kwambiri anali anthu amene iye mwini anawaphunzitsa. Mphukira zitafika ponenepa, Teodoro, amene anali wophunzira wake woyamba ndipo tsopano anali bambo wa ana anayi, anabwera ndi nkhwangwa. Anali atapeza dothi kumtsinje ndipo ankafuna nkhuni. Nazário anamuimira kutsogolo.

"Apa sitidula."

"Mesitiri, ikuluikulu munadya ndi inu. Malata ali padenga panu anachokera pano. Ife tisadye ngakhale ting'onoting'ono?"



"Ukunena zoona," anatero Nazário. "Ndilibe poyambira kukuletsa. Koma ukadula, mawa utenge njinga yanga ndi zigubu, upite ndi mkazi wako kumtsinje. Ukabwera udzandiuze."

Teodoro sanapite kumtsinje, ndipo tsiku limenelo anadulabe iwiri. Nkhaniyo inathera kukapela, kumene amayi anaiyankhula Lamlungu atatu otsatizana, mokweza, mpaka amuna anavomera kuti kuchokera pa thanthwe kukafika pa munda wa Joaquim pasalowe nkhwangwa kapena moto. Nazário anaikidwa kukhala woyang'anira. Mkazi wa katekisita anati n'koyenera, chifukwa palibe wina amene amadziwa njira zonse zimene wakuba mitengo angadzere.

Madzi anabwerera pang'onopang'ono, monga mmene anapitira. Poyamba kanali kachinyezi, kenako kadziwe kokwana chikho. Masiku ano, chaka chikakhala cha mvula yabwino, amayi amatunga ku Nyakatope mpaka kumapeto kwa Setembulo, ndipo kumtsinje amapitako miyezi iwiri yokha. Chaka choipa madzi amatha mu Julayo. Sazizira mpaka kuchititsa mano dzanzi. Mitengo yafika poti munthu n'kukhala pamthunzi, koma Nazário amadziwa kuti yonga ija anaipeza sadzaiona, ngakhale Paulino mwina adzaiona atakalamba.

Mvula nayo siinabwerere m'malo mwake. Asanathawe nkhondo ankabzala pakati pa Novembulo. Tsopano zaka zina Khirisimasi imawapeza mbewu zili m'thumba, ndipo ikabwera imagwa ya mwezi wonse masiku atatu. Nazário anamufunsapo Dona Yolanda kuti nanga mitengo ija yabwerera, mvula ikudikira chiyani.

"Zonse ziwiri n'zoona, Mesitiri," anatero mayiyo. "Kasupe munaumitsa ndinu a ku Chimwala. Koma nyengo ikusinthadi, ndipo zimenezo si za nkhwangwa yanu yokha."

Nazário anabwerera kunyumba akumwetulira. "Amake Lúcia, mlandu uja tagawana ndi azungu. Iwo atenga wa kumwamba, ine wa pansi."

"Iwo abwera liti kudzalambula?" anafunsa Bibiana, osasiya kupeta.

Deolinda atamaliza sukulu n'kukwatiwa ndi Hilário, mnyamata wofatsa wa ku Chipera, anapempha bambo ake kuti awamangire nyumba. Nazário anavomera, koma anati njerwa zake saotcha. Aumba zidina, zouma ndi dzuwa, n'kuika khonde lalikulu lozungulira kuti mvula isamenye khoma. Anatulutsa chikombole, ndipo iye ndi mkamwini wakeyo anaumba milungu itatu m'mwezi wa Agosito, zidina zitayalidwa bwalo lonse mpaka kukhola. Anali atakalamba, msana unkamupweteka, koma m'mbali mwa zidinazo munali mosalala ngati kale.

Tsiku lomaliza masana kum'mawa kunada. Bibiana anatuluka n'kuyang'ana.

"Bambo a Lúcia, bwanji muzifunditse udzu?"

"Mu Agosito? Ndakhala padziko zaka makumi asanu ndi limodzi, sindinaonepo mvula mu Agosito. Mitambo imeneyo ndi utsi wa lupsa."

Hilário anayang'ana kumwamba, anayang'ana apongozi ake, n'kubwerera ku chikombole.

Inagwa ola limodzi ndi theka, ya madontho aakulu, ndi mabingu omwe. Anaionerera ali pakhonde. Itakata, pabwalo panali phala lofiira, zidina zongotsala maonekedwe. Nazário anaima m'mphepete mwa matopewo manja ali m'chiuno. Bibiana anamuyang'ana mwamuna wake, n'kulowa m'nyumba.

Patapita kanthawi Nazário anapinda thalauza mpaka m'maondo n'kulowa m'matopemo.

"Bwerani bambo, tiponde," anauza Hilário. "Lero madzi tawapeza osapalasa njinga."

Hilário anavula nsapato. Nyumbayo anaimaliza kumapeto kwa Otubulo, ndipo zidina zachiwirizo anazifunditsa udzu tsiku lililonse, ngakhale kumwamba kuli mbee.